Mphuno za Mayi Zuze a ku Bangwe

Ku Bangwe ndi anthu ochepa amene ankadziwa kuti dzina lawo la ubatizo ndi Petronela. Ukafunsa pa msika kapena pa siteji ya minibasi unkangoti, "Mayi Zuze ophika pa maukwati aja," ndipo ankakulozera njira: udutse chigayo, utsike ndi ngalande, nyumba ya zidina yoyang'ana kuphiri. Inali ya lendi, koma anakhalamo zaka zambiri moti ana a m'deralo ankaganiza kuti ndi yawoyawo.

Kwawo kunali ku Nsanje, kwa Tengani. Anabwera ku Blantyre ali mtsikana wongokwatiwa kumene, pa sitima, masiku amene sitima inkafikabe kuchigwa. Amuna awo, a Laurenti Zuze, anali atapeza ntchito pa fakitale ina yoluka nsalu. Chimene a Petronela sankaiwala cha chaka choyambacho si nyumba zosanja kapena magalimoto ayi, koma kuzizira. Munthu wokulira m'dzuwa la ku Nsanje, chiperoni cha mwezi wa Juni chinawalowa m'mafupa, ndipo ankapita kotunga madzi atafunda bulangeti, azimayi anzawo akuseka bulangetilo ndi Chisena chawo chomwe. Koma sanadwale. Zaka zonsezo ngakhale chimfine chinkawadutsa patali.

Fakitale ija itatsekedwa, a Laurenti analowa ulonda pa sitolo ina ku Limbe, ndipo ndalama za ulonda sizinkatha kudyetsa banja. Ana anabereka atatu, koma amene anakula ndi Jennifer yekha. Apa ndi pamene manja a mayi Zuze anayamba kugwira nyumba. Anayambira kutchalitchi, m'gulu la amayi Achikatolika, kuphika pa maliro ndi pa zikondwerero za parishi. Anthu akadya ankafunsa kuti mpungawu waphika ndani. Kenako anayamba kuitanidwa pa zinkhoswe ndi pa maukwati, mpaka anawatenga Lilian, mayi wachitsikana wa ku Machinjiri amene anali ndi mapoto aakulu, matenti ndi mipando ya hayala. Loweruka lililonse m'chilimwe Lilian ankatumiza kagalimoto kudzawatenga m'mawa, ndipo madzulo mayi Zuze ankabwerako ndi kandowa ka zotsala kamene kankazungulira makomo onse a pamzere wawo. Ukwati weniweniwo sankauona. Za akwati ankangomva nthungululu ali kuseri kwa holo, thukuta lili kamukamu, koma sankadandaula. Ankati mbale zikabwerera zoyera, ndiye kuti iwo avina.

Luso lawo lalikulu linali m'mphuno. Ena ankavundukula poto kuti aone ngati mpunga wauma madzi, iwo ankadziwa ali chapatali, akusenda anyezi, n'kungoti, "Chepetsani moto uko, wayamba kugwira pansi." Nyama ikangoyamba kusintha, ngakhale ikuoneka yofiira bwinobwino, ankakwinya nkhope n'kuikankhira pambali. Lilian sankalola nyama kapena nsomba ya ukwati kulowa m'poto mayi Zuze asananunkhize. Ankanyadira pamaso pa makasitomala: "Ine ndili ndi amayi anga a ku Bangwe. Chowola sichidutsa pamenepo."

Zinthu zinasintha chaka cha namondwe uja, pamene mvula inagwa osaleka mpaka mapiri kugumuka. Nyumba ya a Zuze sinagwe, ndipo anathokoza Mulungu chifukwa za anzawo zinagwa. Koma madzi analowa m'khoma la kuchipinda, ndipo khomalo silinaumenso. Linachita chuku chakuda kuyambira pansi mpaka kulekeza m'chiuno. A Laurenti anakauza a landilodi, a landilodi anati chaka chino aliyense ali ndi mavuto ake.

Chimfine chinayamba ngati chimfine china chilichonse. M'mawa akangodzuka ankayetsemula motsatizana mpaka kugwira khoma. M'mphuno munkachucha madzi oyera osaleka, maso ankayabwa ngati mwalowa tsabola. Anayembekezera kuti pakutha sabata chikhala chitapita. Mwezi unatha, wina unathanso. Mvula italeka kunabwera fumbi, mphepo ikunyamula gaga wa pachigayo ndi dothi la mumsewu kulowetsa m'nyumba. Mphuno zinatseka mbali zonse. Ankapuma ndi pakamwa, kukhosi kouma, tulo tosakoma, ndipo usana wonse mutu unkalemera ngati asenza ndowa.

Palibe chimene sanayese. Mandimu ndi jinja, adyo, kudzifukiza ndi masamba a bulugamu, mafuta otentha opaka pamphuno, mapilitsi a pa okala amene ankangowagoneka. Mu minibasi akayetsemula anthu ankatembenukira ku windo, ena n'kumang'ung'udza za matenda aja amene anatseketsa masukulu. Kutchalitchi anasiya kukhala kutsogolo ndi amayi anzawo. Ankakhala pafupi ndi khomo kuti zikavuta atuluke msanga.

Ndiye tsiku lina, akukazinga anyezi kunyumba, anazindikira kuti sakumva kanthu. Anyezi akulira m'mafuta, utsi ukukwera, koma fungo palibe. Anaweramira pa poto. Anatenga sopo, anatenga usipa, anatsegula botolo la parafini. Zonse zinali ngati madzi. Sanauze munthu, ngakhale amuna awo. Chakudya chinasiya kukoma, ankangomeza kuti akhale ndi mphamvu, ndipo siketi zinayamba kukhwepa m'chiuno. Kuntchito anayamba kuvundukula mapoto ngati wina aliyense, ndipo ndiwo ankauza Brenda, mayi mnzawo wophika naye, kuti alawe, ponamizira kuti ali ndi zilonda m'kamwa.

Jennifer, amene tsopano anali pabanja ku Zingwangwa komwe ankaluka tsitsi mu saluni, ndiye anawakakamiza kupita kuchipatala. Anafika m'mawa, anaonana ndi dokotala dzuwa litapendeka. Dokotalayo anali wotopa, ndipo panja panali mzere wa amayi obereka ana otentha thupi. Anawaunika m'mphuno ndi katochi, n'kunena kuti ichi si chimfine wamba: thupi lawo likudana ndi fumbi ndi chuku, ndiye mkati mwa mphuno mwatupa. Analemba dzina la mankhwala opopera m'mphuno, n'kunena kuti pachipatalapo palibe, akagule ku famase.

"Muzipopera tsiku lililonse, mayi," anatero, maso ali kale pakhomo. "Wotsatira!"

Jennifer anakagula ku Limbe. Kanali kabotolo koyera kakang'ono, kokhala ndi kamlomo kosongoka, ndipo mtengo wake Jennifer sanafune kuutchula. A Petronela anachita mmene nzeru zawo zinawauzira. Pothira mankhwala a m'maso munthu amagadamitsa mutu, ndiye nawonso anagadamitsa mutu, kulowetsa kamlomo kaja mowongoka mpaka mkati, kudina, n'kukoka mpweya mwamphamvu kuti mankhwala afike kumene kuli matenda. Anafikadi, koma kukhosi. Kuwawa kwake kunali ngati ndulu. Analavula, anatsuka m'kamwa. Mawa lake chimodzimodzi. Patapita masiku angapo mphuno zinali zotsekabe, ndipo pomina anaona timagazi. Anati mankhwalawa sakugwirizana nawo. Kabotolo anakaika pamwamba pa kabati, n'kumakatenga pokhapokha tsiku likavuta kwambiri. Jennifer akafunsa pa foni ankangoti, "Ndikupopera, mwanangu," poopa kumuuza kuti anavutika pachabe.

Ukwati umene unawagwetsa unali wa mu Okutobala, ku holo ina ku Soche. Kunja kunkatentha ngati kwawo kuchigwa. Magetsi anali atavuta sabata yonseyo, ndipo nkhuku zimene Lilian anagula zinagona mu firiji imene inkayaka ndi kuzima. M'mawa wa Loweruka, kuseri kwa holo, Lilian anavundukula beseni lalikulu, anazengereza pang'ono, n'kuitana.

"Amayi, tabwerani. Ine mphuno zanga zadzaza utsi. Tandinunkhizirani nkhukuzi, zikundikayikitsa."

Azimayi onse ophika anasiya mipeni n'kuyang'ana. A Petronela anapukuta manja pa chitenje. Anaweramira pa beseni, anatenga ntchafu imodzi n'kuifikitsa pamphuno. Anakoka mpweya, koma mpweya sunadutse. Khungu la nkhukuyo linali loterera pang'ono, koma nkhuku yochoka kumene mu firiji imatereranso. Ankadziwa kuti akanena zoona pamaso pa anthu onsewa, Loweruka lotsatira kagalimoto sikabweranso ku Bangwe.

"Sindikumva fungo lililonse," anatero.

Sanali kunama, koma ankadziwa bwino mmene Lilian amvere mawuwo. Mtima wa Lilian unakhala pansi, anawomba m'manja. "Mwamva? Amayi ati zili bho. Tiyeni, nthawi yatithera!"

Nkhuku zinakazingidwa, zinaoneka bwino m'mbale, anthu anadya ndi kuvina. A Petronela tsiku limenelo sanatenge zotsala. Lamulungu masana mafoni anayamba kulira. Anthu ankasanza ndi kutsegula m'mimba ku Soche, ku Chilomoni, ku Ndirande, kulikonse kumene alendo anachokera. Ana angapo ndi agogo ake a mkwatibwi anagonekedwa m'chipatala pa diripi. Palibe amene anamwalira, koma nkhani inayenda pa mafoni, dzina la Lilian lili pamwamba pake.

Lilian anabwera yekha ku Bangwe. Sanalowe m'nyumba, anaima pakhonde, makiyi a galimoto ali m'manja, maso ofiira.

"Amayi, ndinakufunsani pamaso pa anthu. Munati zili bwino."

"Ndinati sindikumva fungo."

"Ndiye si chimodzimodzi?"

A Petronela anayang'ana pansi. Mphuno zinayamba kuchucha, anapukuta ndi nsonga ya chitenje. Lilian anawayang'anitsitsa, ndipo nkhope yake inasintha pang'onopang'ono.

"Kuyambira liti?"

"Kuyambira mvula ija italeka."

"Miyezi yonseyi? Ine ndikudyetsa anthu podalira mphuno zotseka?" Lilian anagwira pakamwa. Sanatukwane, sanakalipe. Anangoti, "Mwandipha, amayi," n'kukwera ndi ngalande kupita kumene anasiya galimoto.

A Laurenti anamva zonse ali m'nyumba, momwe ankagona masana akachokera ku ulonda. Anatuluka, anakhala pa kampando.

"Bwanji simunandiuze, mayi a Jennifer?"

"Ndikanakuuzani, mukanachita chiyani?"

A Laurenti anangoyang'ana manja awo.

Loweruka linabwera, kagalimoto sikanabwere. Nyengo ya maukwati inapitirira popanda iwo. Ku Bangwe nkhani inagawikana. Ena ankati Brenda anawalodza pofuna malo awo, ndipo mayi wina woyandikana nawo anali wokonzeka kuwaperekeza kwa sing'anga wodziwa za zimenezi. A Petronela anakana; ankadziwa kuti Brenda sanawachite kanthu. Ena ankati a Petronela anachita dala atakangana ndi Lilian. Ena sankanena kanthu, koma pa maliro a m'deralo, pamene kale ankawapatsa poto wamkulu, tsopano ankawalozera ku beseni lotsukira mbale. Agogo a mkwatibwi aja ankawabwerera m'maganizo, munthu amene sanamuonepo, ali pa bedi ndi chingwe cha diripi pa mkono. Anafuna kukapepesa, koma nyumba sankaidziwa, ndipo kufunsa Lilian sakanatha.

Ndi m'masiku amenewo pamene anatsitsanso kabotolo kaja pa kabati. Tsopano ankakagwira ndi mkwiyo. Ankapopera m'mawa, masana, madzulo, kulowetsa mkati kwambiri, kukoka mpweya mpaka kutsokomola, ngati munthu wofuna kuboola khoma ndi msomali. Lamulungu lina pa Misa, atagwada, anamva chofunda chikutsikira pa mlomo. Anaganiza kuti ndi mamina a masiku onse. Mayi wa pambali pawo ndiye anadzidzimuka n'kuwagwira paphewa. Bulawuzi yawo yoyera inali itafiira pachifuwa. Anawatulutsa panja, anawagadamitsa, anawaika nsalu yonyowa pachipumi, koma magazi sanaleke, ankangotsikira kukhosi. Mapeto ake anawakweza pa kabaza kupita kuchipatala.

Poti linali Lamulungu, mzere kunalibe. Namwino amene anali pa ntchito anali mayi wachikulire, a Zeinabu, wa mawu otsika ndi Chichewa chokokera ku Chiyao. Anawakhazika tsonga, anawaweramitsa mutu kutsogolo, n'kuwauza kuti atsine pofewa pa mphuno ndi zala ziwiri, osasiya, azipuma ndi pakamwa. Anakhala choncho kwa nthawi ndithu mpaka magazi analeka. Powaunika, a Zeinabu anapukusa mutu.

"Khoma la pakatili lachita zilonda mbali zonse. Mumaikamo chiyani, mayi?"

A Petronela anatulutsa kabotolo m'chikwama.

"Mankhwala abwino awa. Tandionetsani mmene mumachitira. Musapopere, mungoonetsa."

Anaonetsa: mutu chagada, kamlomo mowongoka, mpweya wamphamvu. A Zeinabu sanaseke.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Palibe. Anangoti ndizipopera."

"Ndiye nthawi yonseyi mankhwala mwakhala mukumwa, mayi. Kumene kuli kotupako sikunalandire kanthu. Ochepa amene ankatsala m'mphuno ankamenya pakhoma la pakatili, pamene ndi popyapyala. Magaziwa achokera pamenepo."

Anakoka mpando, anakhala nawo maso ndi maso, kabotolo kali m'manja. Choyamba, anati, azimina pang'onopang'ono kuti njira itseguke. Kenako akhutchumule kabotolo. Kakakhala masiku osagwira ntchito, ayambe apopera m'mwamba mpaka katulutse kankhungu. Mutu usagade, uwerame pang'ono ngati akuyang'ana zala za kumapazi.

"Bowo la kumanzere, dzanja lamanja. Bowo la kumanja, dzanja lamanzere. Mukatero kamlomoka kamaloza kokha cha kukhutu, osati pakati. Musalowetse konse, nsonga yokha. Podina, kokani mpweya pang'ono chabe, ngati mukununkhiza ndiwo pa moto kuti mumve ngati zapsa."

A Petronela anatseka maso atamva zimenezo. A Zeinabu sanadziwe chifukwa chake, anangopitiriza: mpweya autulutsire pakamwa, asamine nthawi yomweyo, apukute kamlomo n'kutseka. Akamva kuwawa kukhosi adziwe kuti akoka mwamphamvu. Asawonjeze pa mlingo umene adokotala analemba, chifukwa awa si mankhwala a tsiku lovuta ayi. Amagwira ntchito mwakachetechete, tsiku ndi tsiku, ndipo nthawi zina pamatha masabata munthu asanaone kusintha kwenikweni. Koma ayambe adikira kuti zilonda zipole.

Anawagwira dzanja n'kuwayeseza, kumanzere, kumanja, mpaka dzanja linazolowera. Zonsezi sizinatenge nthawi yoposa yomwera tiyi. A Petronela anayang'ana kabotolo kamene kanali katatsala pang'ono kutha.

"Sisitala, ine ndine wophika. Fungo linandichokera. Kodi ndikanadziwa zimenezi kale, bwenzi litabwerera?"

"Mwina. Sindingakunamizeni. Kwa ena limabwerera lonse kutupa kukaphwa, kwa ena limabwera pang'ono. Komanso mankhwala okha sakwanira. Muzipewa fumbi, utsi ndi nyumba ya chinyontho."

"Ndimakhala kuseri kwa chigayo. Khoma la kuchipinda ndi chuku chokhachokha. Ntchito imene ndimadziwa ndi ya pamoto. Ndipewe ndipite kuti?"

A Zeinabu anabweza kabotolo m'manja mwawo n'kuwafumbatitsa.

Jennifer anafika madzulo kuchokera ku Zingwangwa, anapeza amayi ake akuchapa bulawuzi ija pakhonde. Atamva zonse anakhala pansi n'kuyamba kulira.

"Ine ndi amene ndinagula, amayi. Ndikanafunsa ku famase kuja. Ndinangolandira n'kuthamangira minibasi."

"Ukanafunsa chiyani, mwanangu? Nanenso ndinkaona ngati ndikudziwa. Mphuno ndi zanga, dzanja ndi langa. Ndani akanaganiza kuti pali chophunzira?"

Zilonda zitapola anayamba monga anawaphunzitsira, ndi kabotolo katsopano. M'mawa uliwonse akatha kupemphera ankakhala pakhonde: kumina, kukhutchumula, kuwerama, dzanja ili bowo ilo. Kukhosi sikunawawenso, magazi sanabwerenso. Poyamba panalibe kusintha kulikonse, koma ulendo uno sanasiye. A Laurenti nawo anachita zimene akanatha. Anakwecha khoma ndi bulashi ya waya, akazi awo ali panja, n'kulipaka laimu. Matiresi anawasamutsira pabalaza. Mvula ya Disembala itagwa, chuku chinatulukanso pansi pa laimuyo ngati sanachikhudze n'komwe. A landilodi anati ngati nyumba yawatopetsa anene, ofuna nyumba ndi ambiri.

Komabe mphuno zinayamba kutseguka, kumanzere koyamba, kumanja pambuyo pake. Kuyetsemula kunachepa. Tsiku lina mu Januwale, akuchokera kotunga madzi pa kiyosiki, anaima mwadzidzidzi pa kamlatho ka matabwa kodutsa pa ngalande. Kunkanunkha. Madzi akuda, zinyalala zowola, chinachake chakufa kumunsi. Anatula ndowa, anaima pamenepo akukoka fungo loipalo pang'onopang'ono, misozi ikutsika, anthu akuwalambalala modabwa. Madzulo ake linali litachokanso. Kuyambira pamenepo linkabwera ndi kupita: lero amva anyezi, mawa ayi. Parafini ankamumva, koma mpunga wogwira pansi sankaumvanso ali patali ngati kale.

Anavala chitenje chawo chabwino, anakwera minibasi mpaka ku Machinjiri. Lilian anawalandira mwaulemu, anawapatsa mpando ndi madzi ozizira. Pabwalo mapoto anali ochepa kuposa kale, ndipo tenti ina anali atagulitsa.

"Ndikuchira, mwanangu. Ndinkalakwitsa kapoperedwe, tsopano anandionetsa. Fungo likubwerera."

"Lonse?"

"Masiku ena."

Lilian anasisita chipumi. "Amayi, ine ndilibe nanu chakukhosi. Nkhukuzo ndinagula ndine, firiji ndi yanga. Nanenso ndinkafuna kumva kuti zili bwino. Koma anthu akabwera kudzafunsa za ukwati amayamba ndi kuti, amayi a ku Bangwe aja alipobe? Ndikati alipo, amadzuka. Ndili ndi ana, amayi."

"Ngakhale kusenda mbatata kokha?"

"Akakuonani kuseri kwa holo sadziwa kuti mukungosenda." Anawaperekeza mpaka pa geti. "Zikadzazizira ndidzakuimbirani."

Sanaimbe, ndipo a Petronela sanamudandaule.

Ntchito imene inapezeka inali pa chiwaya cha tchipisi cha a Nedson, pa msika wa Bangwe: kusenda mbatata ndi kudula kabichi wa saladi. A Nedson anali munthu wosakonda nkhani za anthu. Anangofunsa ngati dzanja lawo ndi lachangu. Malowo anali m'mphepete mwa msewu, pakati pa utsi wa nkhuni ndi fumbi la minibasi, zonse zimene a Zeinabu anati azipewe. Ankamanga mpango pamphuno, n'kumasuntha kampando potsata kumene mphepo ikuchokera. Azimayi amene kale ankawapempha kuti adzawaphikire pa zinkhoswe za ana awo ankadutsa pamenepo, ena kupereka moni, ena kuyang'ana kumbali. Chimene chinkawagwira ndi mankhwala aja. Bola apopere m'mawa, tsiku linkatheka.

Kabotolo kakatha Jennifer ankagula kena mosadandaula, ngakhale mtengo unkakwera ulendo uliwonse. Koma chakumapeto kwa Julayi, mphepo itayamba kuulutsa masamba ouma, anaimba foni ali ku Limbe.

"Amayi, ndazungulira mafamase onse, ndafika mpaka m'tauni. Akuti anatha, oda sinabwere. Ena akuti mwezi wamawa, ena akuti sakudziwa."

"Nanga kuchipatala?"

"Ndafunsa. Kulibenso."

"Chabwino, mwanangu. Bwerera kuntchito, asakukalipire."

M'kabotolo munali mutatsala pang'ono pansi. Anayamba kudumphitsa masiku kuti akhalitse, ngakhale ankadziwa kuti sayenera kutero. Kenako m'mawa wina anamina, anakhutchumula, anawerama, analoza cha kukhutu, anadina. Munangotuluka mpweya. Anadinanso. A Laurenti, amene anali akungofika kuchokera ku ulonda, anaima pabwalo, chikwama chili paphewa.

"Tithiremo timadzi, mwina mwatsala zina m'mbali," anatero.

"Ayi, bambo a Jennifer. Sizitheka choncho."

"Abwana kuntchito ali ndi m'bale wawo amene amapita ku Joni. Ndingathe kufunsa."

"Funsani."

Onse awiri ankadziwa kuti mlonda safunsa abwana zinthu zotere. A Laurenti analowa m'nyumba kukavula nsapato. A Petronela anapukuta kamlomo ka kabotolo, anatseka, n'kukaika m'chikwama. Anayetsemula, anayetsemulanso, anapukuta maso. Kenako anamanga mpango pamphuno n'kutenga mpeni wawo wosendera, chifukwa a Nedson ankafuna kuti mbatata zikhale zili m'madzi dzuwa lisanakwere.